Ng'oma imene inalira kale: za ngozi za pa akatungwe a makina

Pa Khirisimasi yapitayi ndinatenga ana awiri a achemwali anga kupita nawo pamalo ena achisangalalo chakufupi ndi ku Luchenza. Dzina la malowo tilisiye. Panali jumping castle yaikulu, chinyumba chouzira mpweya chimene ana amadumphamo, yofiira ndi yachikasu, ndipo chapambali pake panali katungwe wozungulira wa mipando yolendewera kumatcheni, woyendera mota. Ana anali piringupiringu, nsapato zili mbwee pakapinga. Cha m'ma 3 koloko magetsi anathima. Makina ouzira mpweya aja anangoti zii, ndipo chinyumba chija chinayamba kufota ngati chubu chobooka. Khoma limodzi linapindikira m'kati n'kuvundikira tiana timene tinali pakona. Mnyamata woyang'anira anali kugeti, akuwerenga ndalama. Amene anathamanga ndi azimayi, ena makanda ali kumbuyo, n'kumakoka anawo miyendo mmodzimmodzi. Mwamwayi palibe anavulala kwambiri, kupatula kamnyamata kena kamene kanadziluma mlomo.

Zitatha, mayi wina amene anakhala pafupi nane anapukusa mutu n'kunena kuti, "Abale inu, chakudza sichiyimba ng'oma." Amalume anga, amene anagwira ntchito ya umakaniko m'fakitale ya tiyi ku Thyolo mpaka kupuma, anali nafe tsikulo. Anayankha motsitsa mawu: "Pepani mayi, koma ng'oma imeneyi inalira kalekale. Ndani kuno sadziwa kuti magetsi amathima? Jenereta ili kuti? Woyang'anira ana ali kuti?"

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikuwerenga za ngozi zimene zinachitika m'mapaki akuluakulu a zisangalalo kunja, kumene kuli ma roller coaster ndi nsanja zotalika kuposa mitengo ya bulugamu ya m'maesiteti. Pafupifupi paliponse pamene ofufuza analemba lipoti, nkhani yake ndi ya amalume ija. Ife tikamaonera mavidiyo pafoni timaopa kutalika ndi liwiro. Koma ukatsatira imfa iliyonse mpaka pagwero lake, nthawi zambiri umakapeza kanthu kakang'ono kamene kanadandaula kale, wina n'kukatseka pakamwa.

Kuti ngozizi zimveke, tione kaye mmene makinawa amayendera. Roller coaster ndi kasitima ka ngolo zingapo koyenda panjanji yokwera, yotsika, yokhota, nthawi zina yozondotsa anthu mutu pansi. Kasitimako kalibe injini. Nthawi zambiri tcheni chachikulu chimakakokera pamwamba pa chikweza choyamba n'kukasiya. Kuyambira pamenepo kamayendera mphamvu ya mtsetse basi, monga amachitira wanjinga yakapalasa m'zitunda za ku Thyolo: akatsetsereka bwino, liwiro lomwelo limamukweza theka la chitunda chotsatira asanapondenso pedulo. N'chifukwa chake chikweza choyamba chimakhala chachitali kuposa zinzake. Liwiro likachepa panjira, kaya chifukwa cha mphepo yochokera kutsogolo kaya mawilo olimba, kasitimako kamalephera kukwera, kamabwerera m'mbuyo n'kukaima pachigwa. Mfundo imeneyi muisunge, tikumana nayonso.

Nanga kamalekeranji kudumpha panjanji? Mawilo ake ndi osiyana ndi a sitima imene timaidziwa panjanji ya ku Luchenza, imene imangokhazikika pamwamba chifukwa cha kulemera. Awa amakhala m'magulu atatu: ena pamwamba pa njanji, ena m'mbali, ena kunsi kwake. Ngolo imafumbatira njanji monga dzanja limafumbatira mpini wa khasu. Mawilo akunsiwa anawalembetsa ngati luso lake John Miller wa ku America mu 1919, ndipo ndi amene anatsegula njira ya mitsetse yophedula mtima imene tikuiona lero. Phokoso la kha-kha-kha limene limamveka sitima ikamakwera ndi kachitsulo kamene kamagwera m'mano a m'mbali mwa njanji, kuti tcheni chikaduka ngolo zisabwerere. Ku Battersea Park mumzinda wa London, pa 30 Meyi 1972, chingwe chokokera chinaduka, chitetezo chimenechi sichinagwire, sitima inathamangira m'mbuyo, ndipo ana 5 anafa.

Mabuleki nawo anawapanga mozondoka. Pagalimoto umaponda kuti buleki igwire. Apa buleki imakhala yogwiragwira kale, ndipo pamafunika mpweya kapena magetsi kuti itseguke. Mphamvu ikatha imatseka yokha. Madalaivala a mathiraki akuluakulu amaidziwa nzeru imeneyi, poti mpweya ukatha m'thanki mawilo amamanga. Ma roller coaster ambiri atsopano alinso ndi mabuleki a maginito, osafuna magetsi n'komwe.

Koma mtima wa chitetezo chonse ndi lamulo limodzi. Njanji imagawidwa m'zigawo, ndipo kompyuta siilola masitima awiri kukhala m'chigawo chimodzi. Ngati yakutsogolo sinatuluke, yam'mbuyo imaimitsidwa, ngakhale pamwamba penipeni. Ndiye mukaona kanema pa Facebook wa anthu ataima m'malere, ena akutsika wapansi pamasitepe, musamafulumire kunena kuti makina afa. Kawirikawiri apo m'pamene makina agwira ntchito yake. Vuto limayamba munthu akatopa nako kuimaimako.

Zimenezi zinaoneka poyera kupaki ya Alton Towers ku England pa 2 Juni 2015, pa roller coaster yotchedwa The Smiler, imene imazondotsa okwera maulendo 14 asanatsike. Sinali yakale, inatsegulidwa mu 2013. Tsikulo makina anavutavuta, ainjiniya anakonza, n'kutumiza ngolo yopanda anthu kuti ayese njanji. Kunja kunali mphepo yamphamvu. Ngolo yopanda kanthu ija inalephera kumaliza chikweza china, inabwerera n'kuima pakati panjira. Pambuyo pake inanyamuka ngolo ya anthu 16. Kompyuta inazindikira kuti kutsogolo kuli kanthu, ndipo inaimitsa ngolo ya anthuyo pamwamba pa chikweza. Kufika apa zonse zinali m'malo mwake.

Ainjiniya anawerenga ngolo zimene ankaziona n'kupeza kuti zakwana. Sankadziwa kuti tsikulo panjanjipo panali patawonjezeredwa ngolo yachisanu. Anaganiza kuti kompyuta ikungolota, anailamula pamanja kuti iiwale chenjezolo, ndipo ngolo ya anthu ija inatsetsereka kukawomba inzake. Atsikana awiri amene anakhala mzere wakutsogolo anadulidwa mwendo aliyense. Opulumutsa anatha maola angapo kuti atsitse onse. Mu Seputembala 2016 khoti linalipiritsa kampani ya Merlin, eni ake a pakiyo, mapaundi 5 miliyoni. Chimene ndinachita nacho chidwi n'choti khotilo silinaunjike mlandu pa ainjiniya aja. Linapeza kuti kampaniyo inalibe ndondomeko yomveka yoti munthu atsatire asanatsutse kompyuta, monga kupita kukaona ndi maso kuti njanji yonse ilibe kanthu.

Nditawasimbira amalume nkhaniyi sanadabwe. Anati m'fakitale, nyengo ya mvula tiyi akachuluka, masamba ataunjikana akudikira makina, mota ikamangothimathima, pamapezeka ndithu wina wofuna kumanga waya pafyuzi kuti ntchito ipite. Fyuzi ikupsa chifukwa pali chimene chalakwika, koma iye akuona ngati wolakwa ndi fyuziyo.

Kumanga waya pafyuzi kotereku n'kumene kunapha mnyamata wa zaka 14 ku Orlando, m'chigawo cha Florida ku America, pa 24 Malichi 2022. Kumeneko kunali nsanja ya mamita 131, yoposa bwalo la mpira mutaliimika chilili, imene inkakweza anthu pamipando n'kuwagwetsa mwadzidzidzi, mabuleki n'kuwawakha chakumunsi. Mpando uliwonse unali ndi chitsulo chotsekera pamapewa, komanso kachipangizo kouza kompyuta ngati chitsulocho chatsika mokwanira. Ofufuza anapeza kuti pamipando iwiri wina anasuntha tizipangizoti pamanja kuti anthu amatupi akuluakulu azikwana. Nyale inayaka kusonyeza kuti zonse zili bwino, pomwe mpata wa pakati pa chitsulo ndi mpando unali waukulu pafupifupi kawiri kuposa muyezo wake. Mnyamatayo ankalemera kuposa malire amene opanga makinawo analemba m'buku lawo, koma anamulola kukwera. Mabuleki atagwira, anatsetserekera pampata uja n'kugwa. Nsanjayo anaiphwasula mu 2023.

Ndipatuke pang'ono. Tikamakwera phiri la Mulanje kuchokera ku Likhubula kupita ku Chambe pali njira yotchedwa Skyline, dzina lochokera ku chingwe chimene kale chinkatsitsa matabwa kuchokera pamwamba. Alipo amene amalakalaka kuti tsiku lina paphiripa padzakhale ngolo zapachingwe zonyamula alendo, ndipo inenso maondo anga sangakane. Tikamalota choncho tizikumbukiranso za phiri la Mottarone ku Italy. Kumeneko buleki yadzidzidzi ya ngolo yapachingwe inkangogwira yokha n'kumasokoneza maulendo, ndiye ogwira ntchito anaipanikiza ndi chitsulo kuti isamagwire. Pa 23 Meyi 2021 chingwe chokoka chinaduka. Buleki inalipo, koma yomangidwa manja. Mwa anthu 15 amene anali m'ngolomo anapulumuka ndi mwana mmodzi yekha.

Nkhani imene imandipweteka kwambiri ndi ya ku Dreamworld, ku Gold Coast m'dziko la Australia, chifukwa sinachitike pa chinthu chimene munthu angachiope. Thunder River Rapids unali mtsinje wochita kupanga, mmene mabanja ankayandama pa timabwato tozungulira ta mipando 6, kuwazidwa madzi pang'ono n'kumaseka. Makolo ankakwera ndi ana awo. Unatsegulidwa mu 1986. Madzi ake ankakankhidwa ndi mapampu awiri akuluakulu, ndipo kumapeto kwa ulendo lamba wamatabwa ankakweza mabwatowo kupita nawo potsikira.

Pa 25 Okutobala 2016 pampu imodzi inazima. Inali itazima kale kawiri tsiku lomwelo, anthu n'kumangoidzutsanso. Ulendo wachitatuwu madzi anaphwera msanga, bwato lopanda anthu linatsakamira pazitsulo kumapeto kwa lamba, koma lambayo anapitiriza kuyenda. Bwato la anthu 6 linafika, linagunda linzake, linaima chilili, ndipo akuluakulu 4 anagwera m'makina n'kufera pomwepo. Ana awiri anapulumuka.

Mtsikana amene ankatsitsa anthu anali atangophunzitsidwa ntchito imeneyo m'mawa wa tsiku lomwelo. Pafupi naye panali batani limene likanaimitsa lamba nthawi yomweyo, koma anali asanauzidwe bwino ntchito yake. Panalibenso kachipangizo koti madzi akatsika lamba aziima yekha, kanthu kotchipa poyerekeza ndi ndalama zimene pakiyo inkalowetsa. Kafukufuku wa khoti, amene zotsatira zake zinatuluka mu Febuluwale 2020, anapeza kuti pa zaka 30 zonsezo mtsinjewo unali usanaunikidwepo mokwanira ndi katswiri wofufuza pamene pangagwe ngozi, ngakhale kuti mabwato anali atagundanapo m'mbuyomo. Kampani ya Ardent Leisure, eni ake a pakiyo, inalipiritsidwa madola a ku Australia 3.6 miliyoni.

Ndikaganiza za mtsikana ameneyu ndimakumbukira mnyamata wakugeti uja. Tsiku lija azimayi anamukalipira mpaka anasowa poyang'ana, ndipo inenso ndinaponyapo mawu anga. Koma amene anaganiza zoti munthu mmodzi azitolera ndalama kugeti kwinaku akuyang'anira ana kuseri kwa nyumba si iyeyo.

Palinso ngozi zochokera m'chitsulo chenichenicho. Chitsulo chimatopa. Tengani waya, mumupinde uku ndi uku kambirimbiri: poyamba saonetsa kanthu, kenako amafunda, kenako thyo. Ekiselo ya ngolo imapindika pang'ono kwambiri, mosaoneka ndi maso, paulendo uliwonse, ndipo maulendowo ndi mazanamazana patsiku, chaka ndi chaka. Kamng'alu kamayambira powotcherera kapena pakona, n'kumakula mwakachetechete. Ku Expoland, kufupi ndi mzinda wa Osaka ku Japan, pa 5 Meyi 2007, tsiku limene dzikolo limakondwerera ana, ekiselo inathyoka sitima ili paliwiro, ngolo inapendekera kuchitsulo cha m'mbali, ndipo mtsikana wa zaka 19 anafa. Maekiselo a sitimayo anali asanasinthidwepo kwa zaka 15.

Chitsulo chotere nthawi zina chimalira chisanathyoke. Ku Disneyland ku California, pa 5 Seputembala 2003, ogwira ntchito pa sitima ya Big Thunder Mountain anamva phokoso lachilendo koma anapitiriza kukweza anthu, poganiza zoichotsa panjanji pambuyo pake. Mabawuti a gudumu lina anali asanamangidwe bwino pokonza. Gudumulo linaguluka, ndipo mnyamata wa zaka 22 anafa. Ku Carowinds ku America, kumapeto kwa Juni 2023, amene anaona mng'alu pamzati wa roller coaster ya Fury 325 ndi mlendo wamba, bambo amene anabwera ndi ana ake. Anajambula pafoni mzatiwo ukutseguka sitima ikamadutsa, anakauza oyang'anira, ndipo makinawo anatsekedwa munthu asanavulale.

Choopsa kwambiri kwa ife ndi dzimbiri. Pa 26 Julayi 2017, tsiku lotsegulira chionetsero cha chigawo cha Ohio ku America, katungwe wamkulu wotchedwa Fire Ball anathyoka mkono umodzi ali m'mwamba. Mzere wonse wa mipando unaguluka, mnyamata wa zaka 18 anafa ndipo anthu 7 anavulala. Makinawo anali atayenderedwa n'kuvomerezedwa asanatsegule. Kampani ya ku Netherlands imene inawapanga, KMG, inapeza kuti dzimbiri linali litadya mkonowo kuchokera m'kati, pa zaka 18 zimene makinawo anagwira ntchito, mpaka chitsulo chinatsala chopyapyala. Kunja penti inali waliwali. Chikomekome cha mkuyu. Woyendera amene amangozungulira ndi tochi ndi sipanala sangaone zimenezo. Pamafunika kumasula makina, kupala penti, kupima kukhuthala kwa chitsulo ndi zipangizo zotumiza mafunde m'kati mwake, kapena kuthira mankhwala amtundu amene amalowa m'ming'alu n'kuionetsa. Zimenezi zimadya ndalama, ndipo makina amaima masiku angapo osalowetsa kanthu. Mwini malonda akamawerengera, chiyeso chozengereza chimakhalapo.

Kuno kumapiri chinyezi sichichoka. Mvula ndi yambiri, ndipo ikangotha kumabwera chiperoni ndi nkhungu zake miyezi yozizira yonse. Aliyense amene ali ndi geti lapaipi ku Chitakale kapena ku Bvumbwe akudziwa pamene limayambira kudyeka: kunsi, m'kati, pamene madzi amakhazikika. Akatungwe ambiri amene ndimawaona m'masukulu a mkaka ndi m'malo ogona alendo ndi a mapaipi omwewo, owotcheredwa pamsika, opakidwa penti yatsopano pamwamba pa dzimbiri Khirisimasi ikamayandikira. Sindikunyoza owotcherera athu, ambiri ndi aluso kwabasi. Kungoti geti likathyoka limagwera pansi, pomwe katungwe amathyoka mwana ali m'mwamba. Makina oyendera mota akakhala ogula kwa wina, amabwera ndi zaka zake monga galimoto yakale, mwinanso buku lake la malangizo litasowa kalekale, moti palibe amadziwa kuti bawuti iyi imafunika kusinthidwa pakapita nthawi yaitali bwanji.

Tisakokomeze. Bungwe la eni mapaki, IAAPA, limati ku America, pa maulendo 15.5 miliyoni a pamakina a m'mapaki okhazikika, munthu mmodzi ndi amene amavulala kwambiri. Chiwerengerocho ndi cha eni malonda, ndipo sichiphatikiza makina oyendayenda m'zionetsero. Komabe ngakhale mutachikayikira bwanji, ulendo wa paminibasi yodzaza kuchoka ku Limbe kupita ku Muloza, kapena wa pakabaza wanjinga yamoto wopanda chipewa, ndi woopsa kuposa pamenepo. Chiwerengerocho n'chotsika chifukwa cha ntchito imene okwera saiona: amakaniko oyenda panjanji m'bandakucha paki isanatsegulidwe, mabuku osainira tsiku ndi tsiku, ndi oyendera ochokera kunja kwa kampani. Ku Ulaya kuli muyezo wotchedwa EN 13814, ku America kuli miyezo ya komiti ya ASTM F24, ndipo ku Britain makina amaunikidwa chaka ndi chaka ndi woyendera woima payekha pansi pa ndondomeko ya ADIPS. Ngakhale kumeneko mipata ilipo. Kuyambira 1981 boma lalikulu la America limayang'anira makina oyendayenda okha; a m'mapaki okhazikika linawasiyira maboma a zigawo, ndipo zigawozo zimasiyana kukhwimitsa kwake.

Kwathu kuno lamulo la 1997 loona za chitetezo ndi umoyo pamalo a ntchito limafuna kuti zinthu monga maboila ndi makina onyamulira katundu ziziunikidwa nthawi ndi nthawi. Amalume amakumbukira mmene fakitale yonse inkatekesekera woyendera boila akamabwera. Nzeru yoti chitsulo chimene chanyamula moyo wa munthu chizionedwa ndi diso lachilendo si yatsopano kuno. Koma chikalata cha woyendera chitapachikidwa pakatungwe wa ana, ine sindinachionepo.

Nafenso makolo tili ndi mbali yathu. Pamakina ambiri pamakhala muyezo wa msinkhu, ndipo si wongovutitsira anthu. Chitsulo chotsekera chinapangidwa kuti chigwire thupi la kukula kwakutikwakuti. Mwana wochepa amatha kutsetserekera kunsi kwake. Koma pitani mukamve pamzere: "Achimwene, mulowetseni, ndi wamfupi chabe uyu, ali Sitandade 3." Mnyamata wolipidwa patsiku, bambo wamkulu atamuyang'anitsitsa, ana akulira, angakane kangati?

Tibwerere ku jumping castle, poti ndiyo imene ana athu ambiri amakumana nayo, paphwando la tsiku lobadwa, potsekera sukulu, ngakhale paukwati. Timaiona ngati matiresi wamkulu, chinthu chofewa chosapweteka munthu. Kuthima kwa magetsi ndi vuto limodzi, ndipo kusakaniza ana a zaka 3 ndi a zaka 12 ndi lina. Koma mdani wake wamkulu ndi mphepo, chifukwa chinthucho ndi chachikulu ngati nyumba koma chopepuka. Malangizo a ku Britain amati isagwiritsidwe ntchito mphepo ikaposa makilomita 38 pa ola, ndipo imeneyo si mphepo yosasula madenga ayi, ndi yongogwedeza timitengo tamasamba. Amatinso ikhale ndi malo omangirira osachepera 6, onse amangidwe, ndipo zikhomo zake zikhale zachitsulo, zotalika masentimita 38. Ku Harlow ku England, mu Malichi 2016, mphepo inanyamula chinyumba chotere mtsikana wa zaka 7 ali m'kati, ndipo anafa. Anthu awiri amene ankachiyang'anira anamangidwa zaka 3 aliyense mu 2018.

Ndinene chilungamo, pali nkhani imodzi imene imawapatsa mfundo mayi a ku Luchenza aja. Pa 16 Disembala 2021, pasukulu ya pulayimale ya Hillcrest mumzinda wa Devonport ku Tasmania, m'dziko la Australia, ana ankasangalala potsekera chaka. Kunja kunali bata. Mwadzidzidzi kunabwera kamvuluvulu, ananyamula jumping castle m'mwamba mamita pafupifupi 10, ndipo ana 6 anafa. Oimira boma pamlandu ananena kuti mwa malo 8 omangirira, 4 okha ndi amene anakhomeredwa. Komabe mu Juni 2025 khoti linamasula mwini wake, ponena kuti kamvuluvuluyo sakanadziwika ndi wina aliyense, ndipo mphamvu yake inali yoti ngakhale zikhomo zowonjezera sizikanasintha kanthu. Makolo a anawo chigamulochi chinawapweteka kwambiri. Ineyo ndimavomereza kuti apo chakudza sichinayimbedi ng'oma. Koma akamvuluvulu ife timawadziwa. Mu Okutobala amanyamula fumbi ndi mapepala pabwalo la sukulu masana dzuwa lili phwee. Amene akuimika chinyumba champweya pabwalo lotero, mwezi wotero, n'kumangirira theka la zingwe, sangadzanene kuti sanamvepo za iwo.

Tsiku lija ku Luchenza magetsi anayakanso patapita mphindi zingapo, chinyumba chija chinadzukanso, ndipo ana anayamba kuvula nsapato ngati palibe chachitika. Amalume ananyamuka, manja kumbuyo, n'kuyamba kuchizungulira. Anawerenga malo omangirira. Awiri anali omangidwa kunjerwa zongosanjikiza, amodzi kumtengo wa mapeyala, ena ankangolendewera. Atachoka apo anapita pakatungwe wamota uja. Anabwereka sikuludiraiva kwa dalaivala wina, anagunditsa nsonga yake pabokosi la magiya, khutu n'kuika pachigwiriro, monga ankachitira m'fakitale. Anamvetsera nthawi ndithu, maso ali tsinzi. Kenako anagwada, anakanda ndi chikhadabo kunsi kwa mzati wapakati, ndipo penti inasendeka pamodzi ndi zibenthu zofiirira.

"Adzukulu angawa alowe m'chibaluni chokhacho," anandiuza, "ndipo iwe ukaime pafupi ndi makina ouzirawo, osachokapo. Apa pokha ayi."

Ana analira mpaka tinawagulira mafirizesi. Amalume anakodola mnyamata uja. "Tabwera kuno mwana wanga. Ukumva kulira uku? Beringi yatha iyi. Ndipo taona apa." Mnyamatayo anawerama, anayang'ana dzimbiri lija, anayang'ananso mzere wa ana amene anali atalipira kale.

"Ndamva, bambo," anayankha. "Koma abwana abwera mawa."